Achinyamata a mu Lusaka akuzulitsa mano amene akanangomatidwa

Akonzi,

Tikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anyamata ndi atsikana a mu Lusaka, makamaka a zaka 18 mpaka 35, pa nkhani ya mano. Ndife ogwira ntchito yosamalira mano, ndipo chatikakamiza kulemba ndi chinthu chimodzi chomwe chimatiwawa mtima. Achinyamata ambiri amafika kuchipatala dzino litafika poti palibenso chochita koma kulizula, chikhalirecho miyezi ingapo m'mbuyomo likanangomatidwa n'kupitiriza kugwira ntchito. Munthu wamkulu ali ndi mano 32 okha, ndipo limodzi likachoka silimeranso. Wa zaka 24 akazulitsa dzino la kumatsakano, ndiye kuti zaka 40 kapena kuposa zikubwerazo adzatafuna popanda dzinolo.

Matenda a mano amapeputsidwa chifukwa sagoneka munthu m'chipatala kawirikawiri. Koma amadya moyo wa munthu pang'onopang'ono. Dzino lowola limakonda kuluma usiku, chifukwa munthu akagona magazi amachuluka kumutu ndipo mtsempha wotupa womwe uli m'kati mwa dzino umapanikizika. Wosagona usikuyo ndi yemwe amadzuka mbandakucha kukayendetsa basi pa Kulima Tower, kukakhala m'kanyumba ka mobile money pafupi ndi Soweto Market, kapena kukalemba mayeso ku UNZA ndi ku Evelyn Hone. Wogulitsa salaula akajomba tsiku limodzi, palibe amene amamubwezera ndalama ya tsikulo. Wina amatafunira mbali imodzi chaka chathunthu, nyama anasiya, chimanga chowotcha ndi mtedza anasiya, amangodya zofewa ndi zotsekemera zomwe zikuwonjezera kuwola komweko. Wina amaphimba pakamwa ndi dzanja akamaseka, pojambulitsa samwetulira, ndipo akaitanidwa kukafunsidwa mafunso a ntchito amayankha atazolika. Winanso ali pachibwenzi koma amaopa kuyandikira mnzake chifukwa cha fungo la m'kamwa.

Akatswiri anachita kukonza njira yoyezera mavuto amenewa. Pali mafunso 14 otchedwa OHIP-14, omwe anatuluka mu 1997 ndipo amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Safunsa kuti muli ndi mabowo angati ayi. Amafunsa ngati mumavutika kutchula mawu, ngati chakudya chinasiya kukoma, ngati munasiyapo chakudya pakati chifukwa cha ululu, ngati mumachita manyazi, ngati mumapsera mtima anzanu msanga, ngati ntchito zanu za masiku onse zimakukanikani. Aliyense wowerenga kalatayi adzifunse yekha mafunso amenewa. Ngati pali limodzi lomwe limakuchitikirani kawirikawiri, nthawi yoonana ndi a zamano inakwana kale. Ndipo simuli nokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lapansi ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo kuwola kwa mano kosalandira chithandizo ndiye matenda ofala kuposa ena onse.

Tiyambe ndi chimene chimaboola dzino, chifukwa ambiri anakula akumva kuti muli mbozi kapena kanyongolotsi. Mulibe. Mukakanda ndi chikhadabo m'mphepete mwa nkhama m'mawa, mumaona tinthu toyera tomata ngati phala. M'menemo mumakhala mabakiteriya, ndipo akangolandira shuga amatulutsa asidi pasanathe mphindi zingapo. Asidiyo amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu ndiwo amatsuka asidiyo ndi kubwezera kashiamu m'dzino, koma amafuna mphindi 30 mpaka 60 kuti amalize ntchito yawo. Nkhani yagona pamenepa. Kuchuluka kwa shuga n'kofunika, koma chachikulu ndi chakuti shugayo walowa m'kamwa kangati pa tsiku. Amene wamwa botolo la chakumwa chotsekemera nthawi imodzi pa chakudya chamasana, mano ake akumana ndi asidi kamodzi. Amene akumwa botolo lomwelo pang'onopang'ono kuyambira 9 koloko mpaka masana, mano ake akhala m'asidi maola onsewo malovu osapeza mpata. Ndi chimodzimodzi maswiti osungunula m'kamwa, tiyi wa masupuni 3 a shuga kanayi pa tsiku, mafrizi, maheu a m'botolo, mabisiketi, ndi zakumwa zopatsa mphamvu zomwe madalaivala ndi ophunzira amamwa kuti asagone. Zakumwa za gasi ndi zopatsa mphamvuzi zili kale ndi asidi wake, kotero zimadya dzino kawiri. Choopsa kuposa zonse ndi chotsekemera cha usiku pogona, popeza munthu ali m'tulo malovu amachepa kwambiri.

WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo ndi bwino koposa kukhala pansi pa magalamu 25, masupuni 6. Zakumwa zambiri za gasi zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa 100 ml iliyonse, choncho botolo limodzi la 500 ml latha kale muyezo wa tsiku lonse. Tembenuzani botolo muwerenge magalamu a shuga a m'botolo lonse, kenako gawani ndi 4. Yankho lake ndiwo masupuni amene mukumwa.

Kuwola kumayenda mwadongosolo, ndipo kudziwa pamene dzino lanu lafika n'kumene kungalipulumutse. Kumayamba ndi kadontho koyera ngati choko, kawirikawiri pafupi ndi nkhama. Apa bowo lisanakhalepo, ndipo mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, chinthu cholimbitsa chikuto cha dzino, pamodzi ndi kuchepetsa shuga akhoza kulimbitsanso malowo. Kenako pamabwera kabowo kakuda kapena kofiirira, chakudya n'kumakanirira. Nthawi zambiri sikapweteka, kapena dzino limangoyayamira mukamwa madzi ozizira kapena kudya chotsekemera, ululuwo n'kutha m'masekondi ochepa. Imeneyi ndiyo nthawi yomata. Dokotala amapala chowolacho, amatsekapo ndi mankhwala olimba, ndipo kawirikawiri ntchito imatha ulendo umodzi ola lisanakwane. Koma ndi nthawi yomweyinso imene achinyamata ambiri amati "silinayambe kupweteka, ndidzapita mwezi ukatha."

Kuwola kukafika pa mtsempha zinthu zimasintha. Ululu umayamba wokha popanda kudya kanthu, umatenga mphindi zambiri, umagunda ngati mtima, umadzutsa usiku, ndipo tiyi wotentha amauwonjezera. Apa kumata kokha sikuthandizanso. Zatsala njira ziwiri, kuzula kapena chithandizo chotchedwa root canal. Pa chithandizochi dokotala amachotsa mtsempha wonse, amatsuka tinjira ta m'mizu ndi tizitsulo tating'ono, n'kutseka, ndipo nthawi zambiri pamafunika maulendo awiri kapena atatu, mwinanso chisoti chovekera dzinolo kuti lisasweke. Mtengo wake umaposa wa kumata kangapo konse, komanso si chipatala chilichonse chimene chimachita. N'chifukwa chake wachinyamata amene ndalama zake ndi za lendi ndi thiransipoti amangosankha kuzula.

Pali msampha wina womwe tikufuna aliyense aumvetse. Patapita masiku kapena milungu dzino likuwawa, ululu umatha wokha, munthu n'kuganiza kuti lachira. Silinachire, mtsempha wafa. Mabakiteriya amatsika ndi muzu n'kukapanga mafinya m'fupa la nsagwada. Ena amaona kachithupsa pa nkhama kamene kamaphulika, kuuma, n'kubweranso, ndipo m'kamwa mumamveka kukoma koipa. Ena tsiku lina amangodzuka tsaya litatupa.

Pakati pa ululu ndi chipatala m'pamene anthu amadzivulaza kwambiri. Piritsi la aspirin loikidwa pa nkhama limawotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera, pamene dzino likupwetekabe. Madzi a batire, mafuta a mabuleki, petulo, kachasu ndi fodya wothira m'bowo zimawotcha nkhama, tsaya ndi lilime, zina mwa izo ndi poizoni, ndipo palibe chimene chimachotsa chowola. Ambiri amathamangira pa kantemba kukagula amoxicillin kapena metronidazole popanda kulemberedwa. Mankhwala opha mabakiteriya amayenda ndi magazi, koma m'dzino lakufa simufikanso magazi, choncho gwero la matenda limatsala momwemo. Kutupa kumaphwa, mwezi wotsatira kumabweranso, ndipo mabakiteriya amapita nazolowera mankhwalawo, mpaka tsiku limene adzafunikedi sadzagwira ntchito. Dokotala amalemba mankhwalawa ngati matenda ayamba kufalikira, koma nthawi zonse pamodzi ndi kukonza dzino lenilenilo.

Zothandiza podikira kupita kuchipatala ndi izi. Munthu wamkulu amwe paracetamol wa 500 mg, mapiritsi 2 pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol, ndipo kupyola muyezo kumawononga chiwindi. Ibuprofen wa 400 mg katatu pa tsiku mutadya amathandiza kwambiri pa ululu wa dzino, koma asamwe amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, amayi oyembekezera, ndi amene chifuwa cha mphumu chimawavuta akamwa mankhwala a mtundu umenewu. Chukuchani m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi. Gonani mutatsamira mapilo awiri. Tsaya lotupa musalithowe ndi nsalu yotentha. Zonsezi ndi zongokufikitsani kuchipatala mawa, osati zokhalira milungu.

Ndipo pali zizindikiro zosadikira n'komwe kuti kuche. Kutupa kukatsikira pansi pa chibwano kapena m'khosi, kukakwera mpaka diso kuyamba kutsekeka, pakamwa pakakanika kutseguka kuti zala ziwiri zilowe, kumeza malovu kukavuta, mawu akasintha, kupuma kukayamba kubanika, kapena thupi likatentha ndi kunjenjemera, pitani nthawi yomweyo kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi ku UTH, ku Levy Mwanawasa kapena chipatala chachikulu chomwe muli nacho pafupi, ngakhale pakati pa usiku. Mafinya ochokera m'dzino la m'munsi amatha kukankhira lilime m'mwamba n'kutseka njira ya mpweya, ndipo zimenezi zimapha ngakhale mnyamata wamphamvu.

Tibwere ku nkhama. Magazi pa mswachi kapena pa chimanga chimene mwaluma si chibadwa, ndi chiseyeye. Litsiro lomata lija likakhalitsa m'mphepete mwa nkhama, nkhamazo zimafiira, kutupa ndi kutuluka magazi. Anthu ambiri akaona magazi amasiya kutsuka pamalopo poopa kudzipweteka, ndiye litsiro limachuluka, matenda n'kukula. Chofunika ndi kutsuka pomwepo mofatsa tsiku lililonse, ndipo pakatha mlungu umodzi kapena iwiri magazi amayamba kusiya. Litsiro losachotsedwa limauma n'kusanduka ngati mwala wachikasu kapena wakuda, makamaka kuseri kwa mano a m'munsi akutsogolo. Mwalawo suchoka ndi mswachi, umachotsedwa kuchipatala ndi makina kapena tizitsulo topalira. Timamva anthu akunena kuti kutsukitsa mano kuchipatala kumagwedeza mano ndi kusiya mipata. Zoona zake n'zakuti mwalawo unali utadya kale nkhama ndi fupa, ndipo ukachoka mpata womwe unabisika umaonekera. Ukasiyidwa, fupa logwira muzu limapitiriza kutha, ndipo fupa limeneli likatha silibwereranso. Dzino lopanda bowo n'komwe limayamba kugwedera mpaka kugwa. Osuta fodya achenjere kawiri, chifukwa fodya amafinya timitsempha ta magazi, nkhama sizionetsa magazi, matenda n'kumayenda mobisala. Amene ali ndi matenda a shuga nawonso nkhama zawo zimawonongeka msanga, ndipo chiseyeye chachikulu chimapangitsa shuga kuvuta kutsika.

Fungo la m'kamwa ndilo limasowetsa mtendere achinyamata ambiri, koma ndi lomwe salitchula. Ambiri amati limachokera m'mimba. Kawirikawiri limachokera m'kamwa momwemo: kumbuyo kwa lilime komwe kumakhala zoyerayera, pakati pa mano pomwe nyama imakanirira n'kuwola, m'mabowo, m'nkhama zodwala, ndi m'kamwa mouma chifukwa chosamwa madzi tsiku lonse. Maswiti onunkhira amabisa fungo kwa mphindi zochepa kwinaku akudyetsa mabakiteriya shuga. Mankhwala ochukuchira nawonso sachotsa gwero. Tsukani lilime kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo kanayi kapena kasanu, chotsani zokanirira pakati pa mano, imwani madzi, ndipo fungo likapitirira milungu iwiri kapimitseni. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Kwa ogwira ntchito ya mano fungo si chinthu chachilendo kapena choseketsa, ndipo nthawi zambiri limachizika mosavuta. Inunso amene mnzanu ali ndi vutoli, muuzeni pambali mwaulemu, paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Msinkhu umenewu ulinso ndi vuto lakelake, mano omaliza a kumatsakano omwe amamera pakati pa zaka 17 ndi 25. Malo akachepa m'nsagwada, dzino limatuluka theka, kachikopa ka nkhama n'kutsala kataliphimba. Chakudya chimalowa pansi pa kachikopako, pamatupa, kutsegula pakamwa kumapweteka. Madzi a mchere ndi kutsuka bwino ndi mswachi wa mutu waung'ono zimathandiza, koma zikachitika kawiri kapena katatu, pamafunika X-ray kuti aone mmene dzinolo lagonera. Lomwe lamera bwino ndipo silivuta, palibe chifukwa cholichotsera.

Ngati kuzula sikungapeweke, musaope. Kuzula dzino la m'mwamba sikuchititsa khungu. Mitsempha yoonera ndi ina, ya mano ndi ina. Idyani musanapite, chifukwa ambiri amene amachita chizungulire pampando amakhala kuti abwera ndi njala. Uzani dokotala mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ma ARV, komanso ngati muli ndi pakati kapena magazi amachedwa kusiya mukavulala. Akazula, lumani kansalu kamene akupatsani mphindi 30 osalankhulalankhula. Pa maola 24 oyamba musachukuche, musalavule mwamphamvu, musamwe ndi kapaipi, musamwe mowa kapena zotentha kwambiri, ndipo musanyamule katundu wolemera. Fodya mulekeni masiku osachepera 3. Chifukwa chake n'chakuti pamalo ozulidwapo pamaundana magazi, ndipo magaziwo ndiwo chivundikiro cha fupa. Akachoka, fupa limakhala pamtunda, ndipo pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi pamayamba ululu woopsa wokafika kukhutu, ndi fungo loipa. Zikatero bwererani akatsukepo ndi kuikapo mankhwala. Maola 24 akatha, yambani kuchukucha mofatsa ndi madzi a mchere mukatha kudya. Magazi akayambiranso, pindani nsalu yoyera, ikani pabalapo, lumani mphindi zina 30 mutakhala tsonga.

Dzino likachoka nkhani sithera pomwepo. Mano oyandikana nalo amapendekera m'mpatamo, la m'mwamba limatsika posowa lokumana nalo, chakudya chimayamba kukanirira m'malo atsopano. Lomwe limazulidwa kawirikawiri ndi lalikulu loyamba la kumatsakano, limene limamera munthu ali ndi zaka 6, ndipo ndilo limasenza ntchito yaikulu yotafuna. Mano oikirira a pulasitiki ndi otsika mtengo poyerekeza ndi njira zina, ndipo amabwezera ulemu kwa amene ali ndi magweru kutsogolo, koma azivulidwa usiku, azitsukidwa ndi mswachi ndi sopo, n'kusungidwa m'madzi ozizira. Ogona nawo amadwala zilonda ndi zoyerayera kumwamba kwa m'kamwa.

Tinenepo za kukongoletsa, popeza pa Facebook ndi TikTok pali malangizo ambiri osokeretsa. Makala, phulusa, mchere wa miyala, soda wosakaniza ndi ndimu, zonsezi zimapala kapena kusungunula chikuto cha dzino. Masiku oyamba mano amaoneka oyera, koma chikutocho chikapyapyala, chachikasu cha m'kati chimaonekera, mano amayayamira, ndipo chikuto sichimeranso. Mawaya owongolera mano oikidwa ku saluni kapena ogulidwa pa intaneti ngati chokongoletsera amakoka mano popanda muyezo, amasunga litsiro, ndipo akhoza kugwedeza mano abwinobwino. Kutsegula botolo ndi mano kumang'ambitsa dzino, nthawi zina mpaka ku muzu, pomwe sipangakonzedwenso.

Dzino lakutsogolo likagululuka lonse pa mpira, pa ngozi ya njinga yamoto kapena pa ndewu, likhoza kubwerera. Litoleni pogwira kumutu kwake, osakhudza muzu. Ngati lada, litsukuluzeni masekondi ochepa ndi mkaka kapena madzi oyera, osalikwecha. Libwezereni m'malo mwake moyang'ana bwino, lumani kansalu, thamangirani kuchipatala. Zikakanika, liikeni m'kapu ya mkaka wozizira kapena mulisunge m'tsaya. Musalikulunge m'pepala, chifukwa muzu ukauma timinofu tamoyo tomwe tili pamenepo timafa. Ola loyamba ndilo lofunika. Izi ndi za mano a akulu okha, dzino la mkaka la mwana salibwezera.

Fodya wa mtundu uliwonse, ndudu, shisha yomwe yafala m'malo achisangalalo, kapena nsunko woika m'kamwa, akaphatikizana ndi mowa waukali amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'kamwa. Chilonda chosapola pakatha milungu iwiri, banga loyera kapena lofiira losachoka, chotupa pa lilime kapena m'khosi, zikaonedwe msanga ngakhale zisakupweteka. Mu Lusaka muli Cancer Diseases Hospital, koma chithandizo chimayenda bwino kwa wofika matenda asanakule. Zoyerayera zonga mkaka woundana pa lilime ndi m'masaya mwa munthu wamkulu zikhoza kusonyeza kuti chitetezo cha thupi chatsika, ndipo ndi nzeru kukayezetsa HIV ndi shuga. Alongo athu oyembekezera adziwe kuti nkhama zimatupa msanga pa nthawiyi, koma mwana satenga kashiamu m'mano a mayi. Kutsukitsa ndi kumata mano n'kololedwa, ndipo miyezi ya pakati, wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi, ndiyo yosavuta. Mukasanza, chukuchani ndi madzi, dikirani mphindi 30 musanatsuke ndi mswachi.

Katsukidwe koyenera sikafuna ndalama zambiri. Tsukani kawiri pa tsiku, mphindi 2 nthawi iliyonse, ndipo ya usiku musanagone ndiyo yosaphonya. Mswachi ukhale wofewa, wa mutu waung'ono. Wolimba ndi kukwecha mopingasa ngati mukutsuka mphika zimadya khosi la dzino ndi kutsitsa nkhama. Pendeketsani mswachi kuti uloze pomwe dzino lakumana ndi nkhama, muziyendetsa timizungulire tating'ono, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kunja, m'kati ndi pamwamba potafunira. Pa chubu cha mankhwala yang'anani mawu oti fluoride ndi nambala ya pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Dzina la kampani si nkhani, nkhani ndi nambalayo. Mankhwala okula ngati nsawawa imodzi akwana. Mukatha, lavulani thovu koma osachukucha ndi madzi. Ambiri amadabwa ndi mfundo imeneyi, koma madzi amakokolola fluoride yemwe amayenera kutsala pa mano usiku wonse. Mswachi sufika pakati pa mano, ndiye kamodzi pa tsiku pitirizanipo ulusi wotsukira mano, wotalika pafupifupi masentimita 45, moukhotetsa kuti ukumbatire dzino lililonse. Machesi, mapini ndi singano zimabaya nkhama. Mswachi wa kamtengo umachotsa litsiro ndithu ukagwiritsidwa bwino, kungoti ulibe fluoride, choncho pakanipo mankhwala. Sinthani mswachi pakatha miyezi 3 kapena ukayamba kuyanzuka, ndipo musabwerekane.

Kopita kulipo. Kuwonjezera pa zipatala zikuluzikulu tatchula zija, mu Lusaka muli zipatala za ku Matero, Chilenje, Chawama, Kanyama ndi Chipata, komanso zipatala za mano zoyendetsedwa ndi anthu paokha. Amene muli ndi khadi la NHIMA funsani kuti ndi chithandizo chiti cha mano chomwe inshuwalansiyo imalipira pamalopo. Kulikonse kumene mwapita, wokugwirani m'kamwa akhale wolembetsedwa ndi Health Professions Council of Zambia, ndipo zida zikhale zophikidwa m'makina ophera tizilombo. Muli ndi ufulu wofunsa zimenezi. Funsaninso funso ili musanavomere kuzula: "Kodi dzinoli silingamatidwe?" Ndipo pitani kamodzi pa chaka ngakhale palibe chopweteka, chifukwa bowo la pakati pa mano simungalione pa galasi.

Komabe sitingaloze chala achinyamata okha. Wogwira ntchito m'sitolo kapena mlonda amene akapempha theka la tsiku amadulidwa malipiro adzadikira mpaka tsaya litatupa. Tikupempha olemba anthu ntchito kuti azilola antchito awo kukapimitsa mano, pakuti theka la tsiku lokamata dzino ndi laling'ono poyerekeza ndi masiku ojomba chifukwa cha chithupsa. Makoleji ndi mayunivesite aziitana a zamano kudzapima ophunzira atsopano, ndipo tsiku la 20 Malichi, lomwe dziko lonse limakumbukira umoyo wa m'kamwa, lingakhale poyambira pabwino.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo pempho lathu ndi la zipangizo zomatira. Chipatala chikakhala ndi zozulira zokha, ngakhale wobwera msanga amabwerera dzino lili m'manja. Mu 2021 WHO inaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira zinthu zitatu za mano: mankhwala otsukira okhala ndi fluoride, silver diamine fluoride yemwe amapakidwa pa bowo kuti kuwola kuime, ndi glass ionomer womatira. Ndi glass ionomer pali njira yotchedwa ART, yomwe inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Wogwira ntchito amapala chowola ndi tizitsulo ta m'manja, amasakaniza ufa ndi madzi ake, amathira m'bowo n'kukanikiza ndi chala chovala gulovu. Sipafunika makina obowolera kapena magetsi, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi anazimira maola ambiri mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Njirayi imagwira bwino pa mabowo aang'ono a pamwamba potafunira, omwe ndi amene achinyamata ambiri amayamba nawo. Ma dental therapist, omwe ndi azachipatala omata ndi kuzula mano, ophunzitsidwa konkuno amaidziwa ntchitoyi. Apatsidwe zipangizozo m'makiliniki a m'makomboni, ndipo pa khomo palembedwe masiku omata mano kuti anthu adziwe.

Ndife,
Ogwira ntchito yosamalira mano,
Lusaka